Dzanja Likavulala: Zochita Kuyambira Pamalo a Ngozi Mpaka Kumafizo

Nyengo yokolola ikafika ku Likangala ndi ku Domasi, chisikilo sichidula mpunga wokha. Kuphiri la Zomba ocheka matabwa amasiya zala pamacheka, ku Kachulu asodzi amabayidwa ndi mbedza kapena munga wa mlamba, ndipo m'tauni muno malata, magalasi osweka, lamba wa chigayo ndi tcheni cha njinga yamoto nazo zili ndi anthu awo. Mabala ambiri mwa amenewa amaoneka aang'ono. Munthu amamangapo kansalu, magazi n'kuleka, pakatha masabata awiri khungu latsekeka, iye n'kumati wachira. Podzazindikira kuti chala chamkombaphala sichikupindanso, nthawi yabwino yosokera zomwe zidaduka mkati imakhala itapita kale.

Zomwe zili pansi pa khungu

Dzanja limodzi, kuyambira povala wotchi mpaka kunsonga za zala, lili ndi mafupa 27. Minofu yamphamvu yopinda ndi kuwongola zala sikhala m'zalamo. Ili kumkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala kudzera m'tizingwe toyera tolimba, monga mabuleki a njinga ya kabaza amagwirira kutayala mwiniwake akufinya kuhandulo. Kachingwe kakaduka, finyani mmene mungafinyire, tayala silimva.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa, chifukwa mawu amodzi akuti mtsempha timatchulira zinthu zitatu zosiyana. Pali mitsempha ya magazi. Pali tizingwe tija, tomwe m'nkhani ino ndizititcha mitsempha yokoka. Ndiye pali mitsempha yomvera, yomwe imauza ubongo kuti chala chakhudza moto komanso kulamula timinofu ta m'chikhatho. Ikuluikulu yofika kudzanja ilipo 3. Zonsezi zimadutsa mothithikana pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka povala wotchi ndi kunsi kwa zala. N'chifukwa chake kabotolo kosweka kangathe kudula zinthu zisanu kudzera pakabala kochepa ngati chikhadabo.

Choyamba: letsani magazi, vulani mphete

Tengani nsalu yoyera kwambiri yomwe ilipo, ngakhale chitenje chochapa, muipinde n'kudina nayo pabala mwamphamvu. Kwezani dzanjalo lipitirire pamtima. Dinani kwa mphindi 10 osasuzumira, chifukwa mukamatukulatukula kuti muone ngati asiya, mumachotsa magazi omwe ayamba kuundana. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba, yoyambayo isachoke.

Chizolowezi chomanga mkono ndi mphira wa chubu kapena chingwe chimawononga manja ambiri. Mphira womanga mofooka amatseka njira yobwerera magazi basi, choncho bala limakha kwambiri; womanga mothina akakhala maola angapo amapha minofu. Kumanga kotere n'kwa pomwe mkono waduka kapena magazi akuthovoka osaleka ngakhale mwadina, moyo uli pachiswe. Zikatero lembani nthawi yomwe mwamanga ndipo mukanene mukangofika kuchipatala.

Mphete, zibangili ndi wotchi zichoke nthawi yomweyo, dzanja lisanatupe. Mphete yaukwati yomwe ikadavulika ndi sopo m'mawa imafuna kudulidwa madzulo.

Chachiwiri: tsukani ndi madzi, basi

Magazi akachepa, thirani madzi ambiri aukhondo pabalapo kuti dothi, utuchi ndi mankhusu zituluke. Madzi a pampopi kapena owiritsa n'kuzizira ndi okwanira. Dothi, phulusa, masamba otafuna, mankhwala otsukira mano, mafuta a mabuleki, ufa wa m'makapisozi: zonsezi ndi zomwe wakuchipatala adzavutike kuzipala, ndipo dothi ndi ndowe ndi momwe mumakhala tizilombo ta kafumbata. Ngati chinthu chachikulu chatsalira mkati, monga galasi kapena msomali wolowa kwambiri, musachizule. Chitchinjirizeni ndi nsalu m'mbali mwake. Mbedza nayo sikokedwa chobwerera, chifukwa kangowe kake kamang'amba mnofu.

Chachitatu: liyeseni dzanjalo musananene kuti ndi kabala chabe

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, pomwe sipatenga ngakhale mphindi 3.

Ikani dzanja chagada, mulisiye lomasuka. Zala za dzanja labwino zimapindika pang'ono zokha, chamkombaphala pang'ono, chaching'ono kwambiri. Chala chimodzi chikaima chowongoka pakati pa zinzake zopindika, mtsempha wokoka waduka. Kenako gwirani chala chilichonse pakati, wovulalayo apinde kansonga kokha. Akatero afumbate, atambasule, akhudzitse chala chachikulu kunsonga ya chala chilichonse. Kupinda komwe kukutheka koma kukupweteka kwambiri kapena kuli kofooka kungatanthauze kuti mtsempha waduka theka, ndipo wotere umatha kudzamalizika patapita masiku munthu akunyamula ndowa.

Tsopano atsinzine. Mukhudzeni mopepuka mbali zonse ziwiri za nsonga ya chala chilichonse, mukuyerekeza ndi dzanja linalo. Mbali yomwe sikumva kapena yachita dzanzi ikuloza mtsempha womvera. Pomaliza dinani chikhadabo chiyere, musiye: chiyenera kufiiranso m'masekondi 2. Chala chotuwa, chozizira kapena chakuda bii sichidikira mawa.

Za mafupa, afumbate muone ngati chala china chikupingasa pa chinzake. Fupa lothyoka n'kupotoka likalumikizana chomwecho, chalacho chidzakhala chikukwera pa chinzake mpaka kalekale. Ndipo amene wagwa panjinga n'kutsamira chikhatho, akamva kupweteka pakadzenje ka patsinde pa chala chachikulu, asangoti wabinya. Pamenepo pali kafupa kotchedwa scaphoid komwe kuthyoka kwake nthawi zina sikuoneka pojambula koyamba. Amakuikani chikhakha n'kujambulanso pakatha masiku 10 mpaka 14. Kafupaka kamalandira magazi ochepa, ndipo kakalekereredwa sikalumikizana.

Chachinayi: chala chikadukiratu

Samalirani munthu kaye, chala pambuyo. Chidutswacho chitsukuluzeni pang'ono, muchikulunge m'kansalu koyera konyowa koma kofinya, muchiike m'jumbo losabooka n'kumanga pakamwa. Jumbolo muliike m'chidebe cha madzi osakaniza ndi ayisi. Ogulitsa zoziziritsa kukhosi kapena nsomba zaziwisi angakuthandizeni. Chala chisakhudzane ndi ayisi mwachindunji, chisanyikidwe m'madzi, ndipo chisaikidwe mufiriji kuti chiume gwa. Chala chozizira bwino chimapirira mpaka maola pafupifupi 24, chosazizira theka lake. Dzanja lathunthu limapirira pang'ono kwambiri, maola ngati 6 likapanda kuzizira, chifukwa lili ndi minofu.

Kunena zoona, si chala chilichonse chimabwerera. Kuchilumikiza kumafuna kusoka timitsempha ta magazi tochepa ngati milimita imodzi pansi pa makina okulitsira zinthu, ndipo chala chomwe chaphwanyidwa kapena kuzulidwa ndi lamba wa chigayo nthawi zambiri sichitheka. Chitengenibe. Khungu lake lingathe kuphimbira bala, ndipo woganiza zoti chitayidwe akhale dokotala. Chala chachikulu ndiye amachimenyera nkhondo kuposa zonse, popeza chokhacho chimagwira pafupifupi 40 peresenti ya ntchito ya dzanja. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Popanda chachikulu, zinayi zotsalazo nazo zimavutika kuiswa.

Chachisanu: kopita

Bala losaya, lomwe zala zonse zikuyenda ndi kumva bwino, chipatala chaching'ono chapafupi monga cha Matawale kapena cha Domasi chingalitsuke, kulisoka ndi kukubayani katemera wa kafumbata. Koma ngati mwapeza chimodzi mwa zomwe tayesa zija, kapena fupa likuonekera, kapena bala ndi lophwanyika, mukufunika Zomba Central Hospital, ndipo tsiku lomwelo. Mukayambira kuchipatala chaching'ono, nenani momveka kuti chala sichikupinda kapena sichikumva, ndipo pemphani kalata yokutumizani. Khungu lingasokedwe kumeneko kuti bala likhale laukhondo, koma kusoka khungu sikulumikiza mtsempha. A kudera la Malosa ali ndi St Luke's, chomwe ndi cha mpingo wa Anglican ndipo n'cholipira.

Anthu ambiri othyoka mafupa m'Malawi amathandizidwa ndi makiliniko ofesala a mafupa, omwe maphunziro awo adayamba m'dziko muno mu 1985. Iwowa ndiwo amawongola mafupa, kuika chikhakha ndi kuona zoyenera kupita patsogolo. Zovuta kwambiri zimatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, komwe kulinso wodi ya anthu opsa ndi moto. Ku Blantyre komweko kuli Beit CURE, chipatala cha mafupa chomwe chidatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza makamaka ana.

Panjira musadye, musamwe thobwa kapena mowa woti mulimbe mtima. Ngati pafunika kukugonetsani, m'mimba muyenera kukhala mopanda chakudya kwa maola 6, ndiye chimanga chootcha chomwe mwadya m'minibasi chingakuchedwetseni usiku wonse. Tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala omwe mumamwa, ndi gadiyani.

Chachisanu ndi chimodzi: zoti munene ndi zoti mufunse

Nenani nthawi yeniyeni yomwe mwavulala, chomwe chakuvulazani, dzanja lomwe mumalembera ndi kudyera, komanso ntchito yanu. Telala, mlimi ndi woimba gitala safuna zofanana kuchokera kuchala chimodzimodzicho, ndipo dokotala amasankha njira poganizira zimenezo. Nenaninso ngati muli ndi shuga, ngati mumamwa ma ARV, ngati mumasuta, ndi ngati mankhwala ena adakuwengani. Mukakumbukira, nenani ngati chala chinali chopinda kapena chowongoka pomwe chimadulidwa: amene wagwira mpeni kuthwa kwake atafumbata, mtsempha umaduka kutali ndi pomwe pali bala la pakhungu.

Musanasaine fomu ya opaleshoni, funsani kuti chaduka n'chiyani, akukasoka chiyani, dzanja likhala lomangidwa masabata angati, ndi kuti mafizo mukayambira kuti. Funso lomalizali ndiye lofunika kuposa onse, ndipo ndi lomwe anthu safunsa.

Kufiyeta

Maopaleshoni ambiri a dzanja safuna kugonetsa munthu yense. Amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pachala, padzanja, kapena m'khwapa kuti mkono wonse uleke kumva. Ntchito yoyamba ndi kutsuka ndi kuchotsa mnofu wakufa. Bala lauve kapena lomwe lachedwa kufika amatha kulisiya lotsegula masiku awiri kapena atatu asanalitseke, ndipo uku si kunyalanyaza. Musadabwe kuona bala lakula mukadzuka: mtsempha wokoka ukaduka umathawira kumtunda ngati mphira, ndiye amayenera kutsegula kuti aupeze. Kuthawa kumeneku ndi chifukwa chake nthawi imawerengedwa. M'masiku oyamba, mpaka sabata ziwiri, nsonga ziwirizo zimakumana mosavuta. Pakatha mwezi kapena kuposera mnofu umakhala utafupika, njira ya mtsempha itatsekeka, ndipo pamafunika kutenga mtsempha pena n'kudzaika, nthawi zina pa maopaleshoni awiri.

Mafupa a zala omwe sakukhazikika amawagwira ndi timawaya tomwe timasuzumira kunja kwa khungu ndipo timazulidwa pakatha masabata 3 mpaka 6. Khungu likasowa amatenga lina, kawirikawiri pantchafu.

Mukabwerera kunyumba

Mdani wamkulu tsopano ndi kutupa, chifukwa dzanja lotupa limauma. Masiku oyamba likhale pamwamba pa mtima: masana likoloweke pachifuwa ndi nsalu, zala zili pafupi ndi phewa, usiku lisanjikeni pamitsamiro kapena bulangete lopinda. Phewa ndi chigongono ziyendetseni tsiku lililonse, ndi zala zonse zomwe sizinamangidwe, pokhapokha ngati akuletsani. Chikhakha chisanyowe, ndipo musalowetsemo kamtengo pokanda.

Bwererani msanga, ngakhale pakati pa usiku, ngati ululu ukukulirakulira osamva mankhwala, ngati kuwongola zala kukupweteka koopsa, ngati zala zatupa, zatuwa kapena zachita dzanzi latsopano. Chikhakha chothina chimatseka magazi, ndipo maola ochepa okha amakwanira kupha minofu ya mkono, zala n'kufumbatira osatambasukanso. Ngozi yomweyi imachitika ndi timitengo tomwe ena amamanga mothina kumudzi, makamaka kwa ana ogwa mumtengo wa mango n'kuthyoka pachigongono. Fungo, mafinya ndi kutentha thupi nazo ndi zobwerera nazo. Ulusi wa pakhungu umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Fodya musiyeni kaye. Amafinya timitsempha ta magazi tomwe bala likudalira.

Mafizo, omwe ndi theka la chithandizo

Mtsempha wokoka ukasokedwa uli ndi ngozi ziwiri zotsutsana. Mukaugwiritsa ntchito msanga umaduka pomwe adasoka. Mukausiya osayenda umamatirira ku mnofu wouzungulira, chala n'kuuma ngati sadasoke n'komwe. Njira yapakati ndi yomwe a mafizo amaphunzitsa: dzanja limakhala m'chothandizira, chinthu cholimba chomangirirapo dzanja, chotchinga kuseri kwa masabata pafupifupi 6, koma mkati mwa nthawiyo zala zimapindidwa mofatsa ndi dzanja linalo, kenako n'kuyamba kuyenda zokha popanda kunyamula kanthu, kangapo patsiku. Mphamvu yogwira khasu, kupalasa kabaza kapena kukoka ukonde imabwera cha pa masabata 12. Sabata yachiwiri ndi yachitatu ndi yonyenga kwambiri, popeza ululu watha, khungu lapola, koma pomwe adasoka mkati ndi pofewa kuposa tsiku la opaleshoni. Ndi nthawi imeneyi yomwe munthu amati angotukula kapoto.

Ndikudziwa kuti kwa munthu wa ku Jali kapena ku Mayaka kubwera kutauni sabata iliyonse ndi ndalama yosapezeka. Ngati ndi choncho, nenani poyera tsiku loyamba. Pemphani akuonetseni masewero onse, gadiyani akuonerera, mujambule pafoni, ndipo mugwirizane masiku ochepa omwe simungaphonye. Kungosowa osanena ndiye kotaya dzanja.

Mtsempha womvera uli ndi liwiro lake. Ukasokedwa umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, kutanthauza masentimita ngati 3 pamwezi, ndiye woduka povala wotchi umatenga miyezi ingapo kuti ufike kunsonga za zala. Kumva ngati magetsi akuyenda mukagogoda pang'ono pomwe mtsemphawo umadutsa, ndipo malo akewo akusunthira kunsonga mwezi ndi mwezi, ndi chizindikiro chabwino. Podikira, chala chosamvacho chiyang'anireni ndi maso. Amayi ambiri amachiwotcha pamphika wa nsima osadziwa.

Pali kavulala kena kakang'ono kofunika kupirira: mpira ukamenya nsonga ya chala, kansongako n'kugwa osadzukanso. Kawirikawiri sikafuna opaleshoni, koma kothandizira kogwira mfundo yomaliza ili yowongoka kwa masabata 6 mpaka 8, usana ndi usiku. Mukachotsa kansongako n'kugwa ngakhale kamodzi, kuwerenga kumayambiranso.

Kulumidwa, kutupa ndi kupsa

Amene wamenya mnzake chibakera pakamwa n'kutsala ndi kabala pamfundo ya kuseri kwa dzanja ali ndi bala loopsa kuposa momwe akuganizira. Dzino limaboola mpaka m'mfundo, ndipo akatambasula zala kabowoko kamatsekeka, tizilombo ta m'kamwa titatsalira mkati. Ambiri amachita manyazi n'kunena kuti adzicheka ndi lata. Nenani zoona, chifukwa bala la dzino silisokedwa ngati la lata: limatsegulidwa, kutsukidwa, ndi kupatsidwa mankhwala opha tizilombo. Galu akaluma, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani mukafunse katemera wa chiwewe. Njoka, makamaka mphiri, imatupitsa ndi kuwoletsa mnofu. Musateme mphini, musayamwe, musamange, ingovulani mphete n'kupita naye kuchipatala msanga.

Kubayidwa ndi munga, singano kapena fupa la nsomba kumatha kulowetsa tizilombo m'njira yomwe mtsempha wokoka umadutsa. Zizindikiro zake ndi zinayi: chala chonse chatupa ngati soseji, chakhala chopindika pang'ono, chikupweteka mukadina kunsi kwake kuyambira kunsonga mpaka pachikhatho, ndipo wina akayesa kuchiwongola ululu wake ndi wodumphitsa. Chala chotere chikufuna kuchipatala chachikulu lero, nthawi zambiri kukatsegulidwa, chifukwa mafinya amawononga mtsemphawo m'masiku ochepa. Nsonga ya chala yomwe ikugunda ngati mtima mpaka kukulepheretsani tulo ndiye kuti muli mafinya, ndipo makapisozi ogula pagolosale satulutsa mafinya. Kwa odwala shuga kakanda kakang'ono kangathe kuwoletsa dzanja lonse, choncho iwo asadikire n'komwe.

Dzanja likapsa, liikeni pamadzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati ayisi. Matuza musaboole. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano zisapakidwe. Chala chilichonse chikulungidwe pachokha, chifukwa zala zopsa zikamangidwa pamodzi zimamatirirana popola. Kupsa kulikonse kwa dzanja la mwana, kapena kwa wodwala khunyu yemwe wagwera pamoto, kuonedwe kuchipatala. Bala lomwe silinapole pakatha masabata awiri kapena atatu nthawi zambiri limafuna khungu lina. Likasiyidwa, chipsera chimakoka zala mpaka kumamatira pachikhatho. Zikafika pamenepo opaleshoni yomasula imatheka, koma mwana amavala chothandizira miyezi yambiri pambuyo pake.

Matenda obwera pang'onopang'ono

Apa palibe kuthamanga, koma pali kuchedwa komwe sikubwezeka.

Vuto lofala ndi dzanzi la usiku pachala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatira, chaching'ono chili bwinobwino. Munthu amadzuka n'kumakutumula dzanja kuti limve. Ambiri amati ndi kuchepa kwa magazi kapena kugonera mkono, pomwe ndi mtsempha womvera womwe wapanikizika m'kanjira kopapatiza povala wotchi. Madokotala amati carpal tunnel syndrome. Limakonda amayi oyembekezera, odwala shuga ndi ogwira ntchito zofinya kapena zonjenjemeretsa manja. Yambani ndi kuyezetsa shuga ndi kuvala chothandizira usiku kuti dzanja lisapindike mukagona. La amayi oyembekezera nthawi zambiri limatha mwana akabadwa. Jakisoni wochepetsa kutupa amathandiza kwa kanthawi. Dzanzi likakhala la usana ndi usiku, mabatani akukanika, kapena kamnofu ka patsinde pa chala chachikulu kayamba kuphwa, nthawi ya opaleshoni yakwana. Ndi yaifupi, yochititsa dzanzi pamalo pokha: amadula kalamba komwe kakupanikiza mtsemphawo. Ululu wa usiku umatha msanga, koma mnofu womwe udaphwa kalekale subwerera wonse.

Chala chomwe chimakodwa mukafumbata n'kuwongoka ndi kuti "thwa", makamaka m'mawa, chili ndi mtsempha wokoka womwe watupa pakhomo pa njira yake. Jakisoni amachiza ambiri, ndipo akakanika amakulitsa khomolo ndi kaopaleshoni kakang'ono. Amayi oyamwitsa omwe akumva kupweteka kumbali ya chala chachikulu akamanyamula mwana kapena kufinya matewera ali ndi vuto lofanana nalo m'mitsempha ina. Kupumitsa chalacho ndi chothandizira komanso kunyamula mwana ndi chikhatho chonse kumathandiza.

Kachotupa kozungulira kuseri kwa dzanja, komwe kamakula n'kumachepa, kawirikawiri ndi kathumba ka madzi a m'mfundo. Si khansa, ndipo kambiri kamatha kokha. Kukaphwanya kapena kutemerapo mphini ndi kungoitana matenda. Kachotsedwe ngati kakupweteka kapena kakulepheretsa ntchito, podziwa kuti nthawi zina kamabwerera. Chotupa cholimba chomwe chikungokula, kapena bala losapola pachipsera chakale cha moto, chimenecho chikaonedwe msanga.

Matenda awiri amabisala. Chala chaching'ono ndi chinzake zikamachita dzanzi n'kuyamba kukhota ngati zikhadabo za nkhuku, makamaka ngati pakhungu pali zigamba zotuwa zosamva kukhudza, kayezetseni khate. Lidachepa kwambiri m'dziko muno koma silidathe, mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo mtsempha ukathandizidwa msanga umapulumuka. Zala zomwe zidakhota kale, opaleshoni yosamutsa mitsempha yokoka ingathe kuziwongola. Enawo ndi TB, yomwe imatha kugwira mfundo ya dzanja kapena njira za mitsempha, n'kutupitsa pang'onopang'ono kwa miyezi popanda kutsokomola. Koma mfundo za zala zikatupa manja onse awiri, n'kumauma m'mawa kupitirira ola, ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, ndipo pamenepo choyamba ndi mankhwala, mpeni ndi wapambuyo.

Kwa ana, kachala kowonjezera kumbali ya chala chaching'ono n'kofala pakati pathu, ndipo kamayenda m'magazi a banja. Kukamanga ndi ulusi kunyumba kumasiya kanjerewere kopweteka mukakakhudza, ndipo nthawi zina kumabweretsa matenda. Kuchipatala amakachotsa bwino. Zala zobadwa zomatirirana zimalekanitsidwa mwana akafika chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ngati chomatacho ndi chachikulu kapena chaching'ono amafulumirirapo, chifukwa chala chachifupi chimakhotetsa chachitali pokula.

Ngati mwavulalira pantchito

Wolembedwa ntchito pachigayo, pamacheka kapena pomanga nyumba auze bwana wake tsiku lomwelo, pali mboni, ndipo aonetsetse kuti m'buku la kuchipatala mwalembedwa kuti ngoziyo yachitikira pantchito. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la mu 2000 limadutsira ku ofesi ya zantchito ya m'boma, ndipo ndalama zake zimatengera lipoti la dokotala losonyeza kuchuluka kwa ntchito ya dzanja yomwe yatayika. Lipoti limeneli limalembedwa bwino chithandizo ndi mafizo zikatha, choncho sungani zithunzi zonse za mafupa, malisiti ndi makalata okutumizani m'jumbo limodzi, ndipo musasaine pepala loti nkhani yatha dzanja likadali m'chikhakha.